Mita ya Malemu Nason

Tryphena anali ndi chizolowezi cholemba manambala pamkono pake ndi chikhadabo. M'chilimwe, khungu likatuwa, mizereyo inkaoneka yoyera ngati ya choko pa sileti. Akamadikira kuti mtsuko udzaze pachitsime, kapena akapumira pamtondo, ankapinda mkono wamanzere, kulemba, kuyang'anitsitsa, kenako kufufuta ndi malovu. Akazi a m'mudzi wa apongozi ake ku Magodi ankati zimenezo ndi zomwe amaphunzira akazi a kumigodi, ndipo ena ankakokera ana awo kumbali akamuona wayamba. Palibe amene anamufunsapo chimene ankalemba. Akanamufunsa akanawauza kuti ankangogawa ndi kuchulukitsa, manambala omwewomwewo, kuti mutu usachite dzimbiri.

Kwawo kunali ku Chikomeni. Anali Mchewa, ndipo pasukulu ya mishoni anafika Sitandade Folo. Nason, Mngoni wa ku Magodi, anamulowola ndi ng'ombe zisanu n'kumutengera kumigodi, kumene ankathandiza amisiri a magetsi. Manja a Nason anali anzeru, waya ankamumvera, koma masamu ankamuthawa ngati mbuzi yoona chingwe. Pofuna kukhoza mayeso a ntchito, Lamlungu lililonse akaweruka kutchalitchi ankakhala pakhonde ndi mkazi wake, sileti pakati pawo. Nason ankafotokoza mwa njira yakeyake. Mavolti ndiko kukankha kwa magetsi. Maampu ndiwo kuchuluka kwa magetsi amene akudutsa m'waya. Ukagawa mavolti ndi maampu umapeza maomu, kutanthauza makani a waya, mmene akukanira kuti magetsi apite. Ukachulukitsa mavolti ndi maampu umapeza mawati, ndiyo mphamvu imene ikugwira ntchito kapena ikungotayika. Mwamuna ankadziwa mawuwo, mkazi ankadziwa kugawa. Zitatha zaka ziwiri Nason anakhoza mayeso ake, ndipo Tryphena anali atadziwa zonse ziwiri.

Chibayo chinamutenga Nason m'nyengo yozizira ya 1946. Anamuika kumigodi komweko, pafupi ndi kamanda ka mwana mmodzi yekha amene anabereka. Ku Magodi kunafika mkazi wamasiye ndi bokosi la chitsulo.

Amuna a pabanja anatsegula bokosilo pabwalo. Njinga, imene inabwera pambuyo pa lole, inapita kwa Philemon, mkulu wake wa malemuyo. Jasi inapita kwa atate aang'ono. Pulayala ndi tizitsulo tina anagawana ena. Pansi penipeni panali kabokosi kakuda kokhala ndi galasi long'ambika pakona, muvi umodzi, kachotembenuza kutsogolo ndi timawaya tiwiri tolendewera. Inali mita yopimira magetsi, yakale, imene mzungu wina wa kuntchito anamusiyira Nason popita kunkhondo. Philemon anaiika pakhutu, anaigwedeza, anafunafuna popukusira koma sanapapeze. Ndiye analengeza kuti inali wotchi yakufa, yothothoka muvi wina, ndipo anaikankhira kwa mlamu wake ndi phazi kuti naye akhale ndi chokumbukira. Tryphena anaitola ndi manja awiri n'kuthokoza. Sanamukonze.

Chaka cha zovala zakuda chinayenda pang'onopang'ono ngati ng'ombe yokalamba. Chitumbuka cha pamudzipo ankachimva, koma akazi anzake akayamba kuseka ankathamanga nacho, iye n'kutsala m'mbuyo. Nthabwala zake zomwe akazinena m'chinenero chawo zinkafera pakamwa. Ankadya yekha, m'mbale yake, monga mwa mwambo wa ofedwa. Dzina lake linasowa, onse ankangoti chokolo, mawu awo otchulira wamasiye. Ndipo ankadziwa chimene chinali kumudikira. Kumapeto kwa Okutobala adzafulula mowa, adzamuvula zakuda, adzamupatsa mbale ya madzi kuti akaiike pamaso pa mwamuna amene adzamulowe chokolo. Ankati mkazi amasankha yekha, koma pabanjapo mwamuna woti n'kusankhidwa anali mmodzi, Philemon, wa akazi awiri kale. Mpingo unkaletsa zimenezi, koma mpingo unali mitunda isanu ndi iwiri kuchokera pamudzi. Ku Chikomeni amayi ake anali atamwalira, ndipo amalume ake anatumiza mawu akuti mkazi wa ng'ombe manda ake ali kwa mwamuna.

Mu Seputembala apongozi ake aakazi, a Faides, anatuluka chilonda pamsongolo chimene chinakana mankhwala onse a pamudzi. Woti n'kuwaperekeza kuchipatala cha mishoni anali Tryphena, popeza analibe mwana woti amusiye. Anayenda m'mawa wonse, gogoyo patsogolo ndi ndodo, iye pambuyo ndi mtanga.

Adona oyang'anira chipatala anali atapita kuboma ku Lundazi. Anatsala ndi Manasseh, wotsuka zilonda, amene anthu ankamutcha dokotala adonawo akachoka, ndipo iye sankakana. Atamanga chilondacho, Tryphena anamuona akulowa m'chipinda chochiriramo azimayi, chamdima ngakhale masana chifukwa zenera lake linali ngati khomo la khola la nkhuku. Kudenga kunalendewera babu la galimoto. Manasseh analiyatsa, ndipo linangofiira ngati khala lokwiriridwa m'phulusa. Analigogoda ndi chala, analitukwana pang'ono, n'kulizimitsa.

Tryphena anatsala akuliyang'ana. Chichokereni kumigodi anali asanaonepo babu.

Manasseh anali munthu wokonda omvetsera, choncho anafotokoza zonse asanafunsidwe kawiri. Nkhondo itatha mishoni inapeza mabatire awiri a malole a asilikali ndi kainjini kowadzazira. Zonsezo zinkakhala m'sitolo, kutsidya kwa bwalo, kuopa akuba ndi phokoso. Waya wa mkuwa sankapezeka, ndiye Ezron, mpalamatabwa wa pamishoni, anamanga waya wa mpanda pamitengo kuchokera kusitolo mpaka kuchipindako, mapazi makumi asanu ndi awiri, n'kumalumikiza zidutswa pozipota. Ezron ankanyadira kuti waya wake ngakhale ng'ombe yamphongo singaudule. Koma nyale sinkawala. Adona ankati Manasseh sadzaza mabatire mokwanira, iye n'kumayendetsa injini mpaka petulo kutha, koma osasintha kanthu. Azamba anabwerera ku nyale ya parafini. Tsopano adona anali atalemba kalata yopempha batire lachitatu.

Tryphena anayenda pansi pa wayawo kuchokera kuchiyambi mpaka kumapeto, akuyang'ana mfundo zake zadzimbiri. Patapita masiku atatu, pobwera kudzasinthitsa nsalu ya pachilonda, mita inali mumtanga pansi pa mtedza.

"A dokotala, ndiloleni ndipime."

"Mupime chiyani, amama? Kuno timapima odwala."

"Nyale yanu ija ndi yodwala."

Manasseh anaseka, koma pa benchi panalibe anthu ambiri ndipo chidwi chinamugwira. Anamutsegulira sitolo. Tryphena anatembenuzira mita ku mavolti, n'kukhudzitsa timawaya take kumitu iwiri ya mabatire. Muvi umene unagona chaka chonse unadzuka n'kukaima pa khumi ndi awiri. Anauyang'ana nthawi yaitali kuposa imene inkafunika. Kenako anapita kuchipinda chija, anakwera pampando atakwinya nsalu yake yakuda pakati pa mawondo, anauza Manasseh kuti ayatse, n'kupima pababu penipeni. Muvi unafika pa sikisi basi. Ndiye anamasula waya mmodzi wa babu, anatembenuzira mita ku maampu, n'kuilumikiza pamalo odukawo kuti magetsi onse opita kubabu adutse mwa iyo. Anamuuza Manasseh kuti popima mavolti umagwira mbali ziwiri, koma popima maampu mita iyenera kukhala m'njira, babu lili patsogolo pake. Ukaiika pamitu ya batire ili pa maampu, yapsa. Muvi unaima pa awiri.

Anatsika, anapinda mkono n'kuyamba kulemba. Kusitolo kukuchoka mavolti khumi ndi awiri, pababu pakufika asanu ndi limodzi, ndiye kuti asanu ndi limodzi akutsala m'njira. Asanu ndi limodzi kugawa ndi maampu awiri, maomu atatu: amenewo ndiwo makani a waya wa Ezron. Asanu ndi limodzi kuchulukitsa ndi awiri, mawati khumi ndi awiri ongofunditsa mapazi a mbalame zotera pawaya. Babu nalonso likulandira mawati khumi ndi awiri, pamene pakhosi pake panadindidwa makumi atatu ndi asanu ndi limodzi.

"Mabatile anu alibe mlandu," anatero. "Theka la mphamvu yawo akudya ndi waya wa mpanda uja. Nyale ikulandila gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chake. Inu mungawale?"

Manasseh anafunsa ngati batire lachitatu silingathandize. Tryphena anayankha kuti kuteroko ndiko kuthira madzi ambiri mumtsuko wobooka, ndipo mankhwala ake anali aulere: mabatire abwere pakhonde la chipindacho, alumikizidwe ndi tizidutswa ta waya wa mkuwa timene anationa pa lole yakufa kuseri kwa sitolo, ndipo akafooka azinyamulidwa kupita kuinjini. Manasseh anati ndi olemera. Tryphena anapota nkhata, anamuuza kuti amusenzetse, n'kuwoloka bwalo ndi batire pamutu monga amachitira ndi mtsuko. Batire lachiwiri ananyamula Manasseh, akupuma kawiri panjira.

Atayatsa, chipinda chonse chinayera mbee, mpaka ukonde wa kangaude ndi ming'alu ya pakhoma zinaonekera. Manasseh anaphimba maso ndi dzanja. Mayi wina woyembekezera amene anagona pakona anadzuka n'kukhala tsonga. Tryphena anapimanso: mavolti khumi ndi awiri, maampu atatu. Anachulukitsa mumtima, ndipo yankho linafanana ndi la pakhosi pa babu.

Sanadikire kuti amuthokoze. Pomwepo anapempha ntchito yosamala mabatire: kuwadzaza, kuwathira madzi a mvula, kupala dzimbiri, kuyang'anira nyale. Anati malipiro aone okha, chachikulu chinali kachipinda kogonamo pamishoni, chifukwa munthu wa mishoni salowedwa chokolo. Manasseh anakanda kumutu n'kunena kuti adzalankhula ndi adona akabwera. Pobwerera kumudzi Tryphena anayenda pambuyo pa apongozi ake monga mwa masiku onse, koma kanali koyamba chimwalirire mwamuna wake kuti akhale ndi chinthu chodikira.

A Faides ndiwo anaulula, ndipo sanachite mwa njiru. Anangofuna kuti pamudzi padziwike kuti wotchi yakufa ya mwana wawo yayatsa nyale ya azungu. Nkhaniyo inazungulira nyumba zonse, ndipo mmene inkafika kwa Philemon inali itasintha: kabokosi kaja kamalankhula ndi muvi, kamaloza pamene pali matenda a magetsi, munthu umangokagwira basi. Lamlungu Philemon anakumana ndi Manasseh kutchalitchi. Manasseh nayenso ankakhulupirira kuti nzeru inali m'kabokosimo, pakuti ndi chimene maso ake anaona. Anamuuza kuti adona akondwa ndi nyale, ndipo ngati pabanjapo pali mwamuna wokhala ndi chipangizocho abwere Lolemba akaonekere, popeza kupukusa injini ndi kunyamula mabatire ndi ntchito ya mwamuna.

Lolemba m'mawa Philemon anaima pakhomo pa Tryphena atabwereka jasi ya malemu kwa atate aang'ono, ngakhale kunja kunali kutayamba kale kutentha.

"Monile, mulamu. Wotchi ya mung'ono wanga ija ndaifuna."

"Munati ndi yakufa, alamu."

"Yakufa kapena yamoyo, katundu wa munthu amatsata magazi ake. Tinangokusungitsani."

Panalibe bwalo limene likanamuweruzira mokomera. Tryphena analowa m'nyumba n'kuitulutsa. Poipereka anaona kuti kachotembenuza kanali pa maampu, mmene anakasiyira tsiku lija. Anamuuza kuti asaiike pamitu ya batire ili choncho, ayambe waitembenuzira ku mavolti. Philemon anali akumangirira kale mita kumbuyo kwa njinga, ndipo anayankha kuti iye anaweta ng'ombe Tryphena asanabadwe, sangaphunzitsidwe kugwira wotchi ndi mkazi. Tryphena anamuuza kamodzi. Sanabwereze.

Dzuwa litapendeka Philemon anabwera akukankha njinga, zala ziwiri zitatupa matuza. Anaponya mita pakhonde. Inkanunkha ngati ubweya wopsa, galasi litada mkati, muvi utapindika n'kukakamira kumapeto. Anauza aliyense womva kuti chokolo anaitchera dala kuti amuchititse manyazi pamaso pa mzungu. Akazi ake awiri, amene sankagwirizana pa china chilichonse, pa ichi anagwirizana. Tryphena anaitola, anaitembenuza uku ndi uku, anaigwedeza pang'ono. Mkati munalira tizidutswa. Anakhala nayo pamiyendo mpaka nkhuku zinayamba kulowa, ndipo palibe anabwera kudzakhala naye.

M'mawa mwake anapita yekha kumishoni. Anawaona adona patali akulowa m'chipinda cha azimayi, ndipo podutsa adonawo anamugwedezera mutu monga amachitira ndi wodwala aliyense. Tryphena anazindikira pomwepo kuti dzina lake silinawafike m'makutu. Ezron anadutsa akukankha wilibala, mabatire ali momwemo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi. Manasseh anatuluka akupukuta manja, ndipo sanamuyang'ane m'maso.

"Nyale ikuyaka, amama. Ntchito munaimaliza kale. Ndipo chopimila chanu chapsa, mudzapima ndi chiyani?"

"Kabokosi kaja kankangoonetsa manambala. Kugawa kunali kwa ine."

Manasseh anati zimenezo akuzimva, koma zonyamula mabatire apatsa Ezron, amene ndi wa pamishoni kale. Anawonjeza motsitsa mawu kuti mishoni singasunge mkazi amene eni ake sanamumasule, kuopa milandu ndi mudzi wonse. Kenako, pofuna kuti nkhani ithe mwa nthabwala, anati za mavolti zakezo apite nazo ku Fort Jameson, kumene kuli magalaja ndi malole ambirimbiri, mwina kumeneko akazi amapima mabatire. Analowa mkati n'kutuluka ndi theka la sopo. Tryphena analandira, chifukwa sopo ndi sopo. Asanachoke anafunsa tsiku limene lole ya makalata yopita ku Fort Jameson imanyamuka paboma. Manasseh anati Lachisanu m'mawa, n'kuitana wodwala wotsatira.

Pofika kumudzi anapeza chimera chitayanikidwa pamphasa zitatu pabwalo, akazi akuingitsa nkhuku. A Faides anali pamthunzi wa nkhokwe, mwendo wodwala atautambasula. Anamuitana kuti akhale pafupi, n'kumuuza kuti mowa upsa Loweruka la sabata yamawa. Anati aiwale za kabokosi, zinthu zimatha, ngakhale anthu amatha. Anamugwira pabondo, ndipo mawu awo anali achifundo chenicheni.

"Usaope, mwana wane. Philemon samenya kwambili."

Tryphena anawathokoza. Anawamasula nsalu ya pachilonda, anatsuka, anamanganso bwino, ndipo anaitana mkazi wamng'ono wa Philemon kuti aone mmene amamangira. Mkaziyo anafunsa kuti aonerenji, poti womanga alipo. Tryphena anati kudziwa sikulemera.

Lachitatu anagwira ntchito zake zonse monga mwa masiku onse, mutu uli kwina. Sanadzinamize. Ku Fort Jameson sankadziwako munthu, ndipo mwini galaja amene angalole mkazi kukhudza batire mwina anali asanabadwe. Mwina akakachapa zovala za anthu, mwina akakaphikira oyendetsa malole. Koma kumeneko kunali mawaya, ndipo pamene pali waya pamakhala wina amene nyale yake ikufiira osadziwa chifukwa chake. Kuno kunali mbale ya madzi ndi Philemon. Anayeza ziwirizo kangapo, kuyambira uku ndi uko, ndipo yankho linkatuluka limodzimodzi.

Lachinayi masana, anthu onse atatsikira kudimba, anayala chitenje pansi m'nyumba mwake. Anaikapo madiresi awiri a kumigodi amene sanawavale chaka chonse, bulangete, kapoto kamodzi, supuni ndi mtedza wokazinga wa masiku atatu. Kalata ya ukwati ndi setifiketi ya Sitandade Folo anazikulunga m'kansalu n'kuziika pakati pa madiresi, poti panjira amesinjala a boma amafunsa mapepala kwa mkazi woyenda yekha. Mbale ndi khasu anazisiya, zinali za pamudzi. Anamanga ngodya zinayi za chitenjecho, anakoka mfundo ndi mano, n'kunyamula kuti amve kulemera kwake. Kuboma kunali kutali, koma akanyamuka tsopano, kudzera njira ya kuseri kwa makola, akanafika lole isananyamuke. Anaika mtolowo pafupi ndi chitseko, n'kuwerama kumanga zingwe za nsapato.